Amalume, Ndine

Vidiyo yake ndi ya masekondi 41. Ndaionera kambirimbiri mpaka ndinailoweza: pamene mayi wa duku lobiriwira akutulukira chakumanzere, pamene thumba lawo la ufa likuphulika pansi, ndi pamene munthu wogwira foniyo akuyamba kuseka. Wosekayo ndi mwana wa mlongo wanga. Ali ndi zaka 15, amagona chipinda chimodzi ndi ine ku Rosettenville, ndipo tsiku limene anabadwa ndine ndinakabwereka galimoto yokamutenga kuchipatala.

Papita miyezi ingapo tsopano, koma kuseka kumeneko sikunandichoke m'makutu. Ndati ndilembe, mwina pali wina kuno ku Joni amene akulera mwana ngati wangayu, n'kumaganiza kuti akudziwa kumene amapita Loweruka masana.

## Ana a Loweruka

Ndimawotcha nyama ndi nkhuku pa lesitilanti ina m'kati mwa mall ya kumwera kwa Johannesburg. Chino ndi chaka changa chachisanu ndi chiwiri pamalopo. Chitofu changa chinayang'ana kumatebulo, ndiye tsiku lonse manja amakhala pa nyama, maso pa anthu. M'kati mwa sabata kumabwera agogo, amayi oyenda ndi makanda, ndi anzathu a m'mashopu odzadya nkhomaliro. Koma Loweruka ikangokwana 2 koloko, nkhope za ogwira ntchito tonse zimasintha.

Amafika atatuatatu, anayianayi, kutsika matakisi kugeti la kumunsi. Pofika 3 koloko amakhala atadzaza. Zovala zakuda, zipewa zoluka zophimba nkhope yonse n'kungosiya maso, panja dzuwa likuswa mtengo. Amagula mbale imodzi ya tchipisi anthu asanu ndi atatu n'kulanda matebulo anayi. Wina amatsegula sipika. Ena amapikisana kukwera masitepe oyenda okha kumbali yotsikira, ena kukankhana m'ma trolley mpaka kukagunda galasi la shopu. Zonsezi mafoni ali m'mwamba, chifukwa kukoma kwake konse kuli poti ena akaonere.

Pali mayi wina wa ku Mangochi amene amakolopa chigawo chathu. Loweruka lililonse ndinkawaona atawerama, akutola timapaketi ta tomato sosi timene anawo aponda dala kuti tiphulike. Tsiku lina mnyamata wina anataya ayisikirimu pamene mayiwo anali atangokolopa kumene, akuwayang'ana m'maso, mnzake akujambula. Mayiwo sanayankhule. Anangobwerera ndi chidebe chawo.

Ndisaname, anawa ndinkadana nawo. Kukhitchini mawu anga anali amodzimodzi: ana opanda mwambo, makolo awo ali kuti? Mu Malichi 2023 mavidiyo a ku Mall of Africa ku Midrand anafala paliponse, achinyamata ambirimbiri atasonkhana pa dzina loti Luh Twizzy, akuthamanga ndi kukuwa, ogula akuthawa. Ndinamuonetsa mnyamata wangayu, nthawi imeneyo akadali ku pulayimale. Ndinamuuza kuti tsiku limene ndidzamuone m'gulu lotere, adzakwera basi ya kumudzi pa Park Station usiku womwewo. Anati, "Ine ayi, ankolo." Ndinamukhulupirira, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

## Makombola awiri

Linali Loweruka la pakati pa Disembala. Sukulu zitatsekera, anthu atalandira mabonasi, mall itadzaza moti poimika galimoto panalibe. Tsiku limenelo anawo anabwera ochuluka kuposa masiku onse. Tinadzamva pambuyo pake kuti anaitanizana pa TikTok kuti kudzakhala ndewu ya anyamata awiri a sukulu zosiyana.

Cha m'ma 4 koloko ndinaona gulu likukhamukira kumasitepe. Kenako kunamveka phoo! phoo! Anali makombola, aja amagulitsa m'misewu Nyuwere ikayandikira. Koma kuno munthu akamva kulira kotero m'kati mwa mashopu saganiza za makombola. Amaganiza mfuti, chifukwa tonse timadziwa kuti achifwamba amalowa m'ma mall masanasana kukathyola mashopu a mafoni ndi a mphete zagolide. Wina anakuwa kuti akuwombera, ndipo anthu onse anangoti balala.

Sindinaonepo anthu akuthawa chonchija. Matebulo kugubuduzika, mipando kuuluka, azibambo akuluakulu kulumpha ana. Zitseko zachitsulo za mashopu zinayamba kutsika chimodzichimodzi, phokoso lake n'kumawonjezera mantha popeza nalonso limamveka ngati kuwombera. Manijala wathu anakuwa kuti titseke. Tisanatsitse chitseko, mayi wina wachitsikana anadzigwetsera m'kati ndi mwana m'manja, ine n'kuwakokera kuseri kwa kauntala. Mwanayo anali ndi nsapato imodzi. Mayi ake ankangobwereza mawu amodzi m'Chisutu, thupi lonse lili njenjenje. Nkhuku zisanu ndi imodzi zinkapserera pamoto, utsi uli tolo, ine osaganizako n'komwe.

M'mutu mwanga munabwera Julayi 2021, sabata ija ma mall ankathyoledwa ku Gauteng ndi ku KwaZulu-Natal, anthu oposa 350 n'kutaya miyoyo. Ku Ndofaya Mall ku Meadowlands anthu 10 anafa popondana. Kuyambira nthawi imeneyo khamu lothawa ndimaliopa kuposa munthu wa mfuti. Wamfuti mwina ungamuchonderere, koma khamu silimva.

Zonsezi mwina zinatenga mphindi zinayi. Titakweza chitseko, pamalo odyera panali zii, pansi pali mbwee nsapato, zikwama, mafoni osweka. Kumunsi kwa masitepe kunali mayi wachikulire atakhala pansi, atatambalala, dzanja lamanzere litagwirizira lamanja. Ufa unali utayeretsa pansi ponse ndi siketi yawo yomwe. Sankalira. Ankangoyang'ana dzanjalo, lomwe linali litapindika pamalo posayenera kupindika.

## Khonde la kuseri

Amene sanagwirepo ntchito mu mall sadziwa kuti kuseri kwa magalasi owala aja kuli makonde aatali a simenti, opanda mawindo, modutsa katundu ndi zinyalala. Ndinalowa mmenemo ndi thumba la nkhuku zopserera zija, kupita nalo kumabini. Nditakhota, ndinapeza anyamata 11 atawandandalika kukhoma, atagwada, ena manja atamangidwa kumbuyo ndi timalamba tapulasitiki. Zipewa zija anali atawavula. Popanda zipewa anali tiana ndithu, makosi owonda, wina akulira mamina ali chuchuchu. Mlonda wina wachinyamata ankayenda uku ndi uku akutukwana, ndipo ine ndikuona anamuwomba mbama mmodzi wa iwo kunkhongo.

Choyamba kuzindikira chinali nsapato. Zoyera, za mzere wofiira, zimene ndinalipira pang'onopang'ono miyezi itatu kuti ndimupatse atakhoza mayeso. M'mawa wa tsiku limenelo mwini wake anali atanditsanzika kuti akupita kumpira.

Apa ndi pamene pamandivuta kulemba. Sindinaime. Ndinapitirira ndithu, mapazi atatu kapena anayi, thumba lili m'manja, maso kutsogolo. Mapepala anga ndi abwinobwino, koma amene munabwera kuno kale mukudziwa chimene chimalowa m'thupi mwa munthu wobwera akaona mayunifomu pamalo pamene pali mlandu. Ndinafika kuno mu 2007. Chaka chotsatira, mu Meyi, anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera zimene zinayambira ku Alexandra. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kuweramitsa mutu, kusayankhula Chichewa m'takisi, ndi kusalowerera nkhani za eni dziko. Ndinaganizanso za ntchito. Manijala akamva kuti mmodzi mwa anawa ndi wa m'nyumba mwanga, Lolemba ndidzapezekanso pachitofu?

Kumbuyo kwanga ndinamva, chapansipansi, "Amalume, ndine."

Mwanayu anabadwira kuno. Ndi anzake amayankhula Chizulu ndi Chingerezi, kunyumba amanditchula kuti ankolo, ndipo pagulu salola Chichewa kutuluka pakamwa pake. M'Chizulu namonso muli mawu oti malume, akanatha kungonena choncho osadziulula. Koma iye ananena ndi "a" wathu wa ulemu uja, pamaso pa anzake onse. Ndinaika thumba pansi.

Mkulu wa alondawo anali bambo wina wa imvi wa ku Giyani, amene tinkangopatsana moni zaka zonsezi osadziwana. Anayang'ana epuloni yanga, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Ndi wanu uyu?"

"Ndi wanga, bambo. Mwana wa mlongo wanga."

Anausa moyo. Anati mwa ana onsewo, ine ndinali wamkulu woyamba kuonekera. Manambala amene anawo anapereka, ena anali abodza, ena osayankhidwa, ndipo oyankhawo ankati ali kuntchito, sangachoke. Kenako anatembenukira mlonda wachinyamata uja n'kumuuza, osakweza mawu, kuti akamenyanso mwana wina avule yunifomu azipita kwawo. Anati ntchito yawo ndi kugwira n'kupereka kwa apolisi, kulanga si kwawo.

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu akuyang'ana zimene makamera anajambula. Ine ndinaima pambali pa mnyamata wanga, osamuyang'ana, iyenso maso ali pa simenti. Oponya makombola anapezeka kuti anali awiri, ndipo iwowo anatengedwa ndi apolisi. Wanga anaoneka akuthamanga m'gulu, foni ili m'mwamba. Anamujambula chithunzi, namuletsa kuponda pa mall miyezi isanu ndi umodzi, ine n'kusayina m'buku. Potuluka, bambo a ku Giyani aja anandigwira paphewa nati, "Musakamumenye. Mukamufunse."

## Usiku umenewo

M'takisi sitinayankhulane. Titafika ndinakhoma chitseko n'kumuuza kuti andipatse foni. Ndinakhala pabedi n'kutsegula vidiyo yomaliza.

Poyamba ndi mitu ya anthu ndi phokoso. Kenako makombola, chithunzi n'kuyamba kugwedezeka. Mayi wa duku lobiriwira akutsika masitepe atakumbatira thumba la ufa, atangotsala pang'ono kuponda pansi. Anyamata atatu akudutsa mothamanga, wachiwiri akuwagunda ndi phewa. Akugwa chammbali, dzanja patsogolo, ufa n'kuti fuu. Ndiye kuseka kuja, pafupi penipeni ndi foni. Kuseka kumene ndimakudziwa kuyambira ali wakhanda, kumene amaseka ndikamamusimbira za kumudzi.

Lamba ndinamasula ndithu. Ndikudziwa kuti mu 2019 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti kholo silingamenye mwana ngakhale m'nyumba mwake, ndipo ambiri a ife timadandaula nacho chigamulochi tikakumana kutchalitchi. Koma usiku umenewo za khoti sizinandifike m'mutu. Chimene chinabwera ndi mbama ya kukhonde ija, mmene mutu wa mwana uja unagwedezekera, ndi mmene nkhope yake inaumira pambuyo pake. Sanaoneke ngati munthu amene wamva. Anaoneka ngati wasunga kukhosi. Ndinaika lamba pampando.

Ndinaimbira mlongo wanga. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Northcliff, amagona konko, amabwera kawiri pa mwezi. Analira, nati, "Achimwene, mutumizeni kwa agogo ake ku Ntcheu, ine ndalephera." Ndinati tikambirana kukacha. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ikasokonekera sungaloze wina chala. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinamukhazika pambali panga n'kuitsegulanso vidiyoyo, mawu nditakweza. Itatha ndinaibwereza. Kachitatu anatseka makutu ndi manja.

"Sindinawaone, amalume. Ndimaseka mmene anthu amathawira."

"Iwe sunawaone, koma foni yako inawaona. Nanga akanakhala agogo ako?"

Analira nthawi yaitali. Atatonthola ndinamufunsa kuti wakhala akupitako kangati. Anati Loweruka limenelo linali lachisanu. Masabata asanu mwana wa m'nyumba mwanga ankabwera pamalo anga a ntchito, atavala chipewa chobwereka, akuzemba mbali ya chitofu changa. N'kutheka kuti ndinamuonapo chapatali n'kumutukwana mumtima pamodzi ndi makolo ake.

Kenako anandifunsa funso limene mpaka lero sindinaliyankhe bwinobwino.

"Ndiye tizipita kuti?"

Anawerenga ndi zala. Kufulati geti limakhala lokhoma, ine kuntchito mpaka 9 koloko usiku. Pakona ya msewu wathu pamakhala anyamata osuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa nyaope, anamulandapo kale foni ina. Kudziwe la Wemmer Pan ndinamuletsa ndine. Ku mall kuli kuwala, zimbudzi zaukhondo, intaneti yaulere, atsikana a kusukulu kwawo, ndiponso alonda. Anati, "Kumene kuja palibe angandibaye." Ndinangoti kakasi. Ife tinkawaopa iwo pa mall, pamene iye ankathawirako chifukwa ndi malo okhawo amene amayenda mtima uli m'malo.

## Bwalo lopanda akulu

Ndakhala ndikukumbukira ine ndili ndi zaka 15 ku Ntcheu. Nafenso tinali ndi zathu. Tinkaba nzimbe m'madimba a eni, tinkamenyana kudambo pochokera kodyetsa ng'ombe, tinkasowetsa mtendere atsikana pamjigo. Kusiyana kwake n'kwakuti aliyense wodutsa ankatidziwa. Mayi wosenza nkhuni ankangoima n'kukutchula dzina lako, la bambo ako, ndi mfunda wako, ndipo usanafike kunyumba nkhani inali itafika kale. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu unkagwira chifukwa mnzakoyo unkamudziwa, ndipo ukadzudzula mwana wake madzulo ankabwera kudzathokoza.

Kuno bwalo ndi mall. Anthu a ku Soweto anazionetsa zimenezi mu 2021 pamene anachezera usiku kulondera Maponya Mall kuti isathyoledwe, mall imene Richard Maponya anamanga ndipo Nelson Mandela anaitsegulira mu 2007. Ankaiona ngati yawo. Anawanso mall amaiona ngati yawo, koma ndi bwalo lopanda akulu owadziwa. Akulu amene alipo ndi ogula, amene amawaopa, ogulitsa, amene amadana nawo, ndi alonda. Ndipo mlonda ndi munthu woima maola 12, wokwera matakisi awiri kuti afike kuntchito, wa malipiro ochepa, amene tamusenzetsa katundu wa makolo, wa aphunzitsi ndi wa apolisi pamodzi. Dziko lino lili ndi alonda olembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za ulonda, ochuluka kuposa apolisi, koma kusunga geti ndi katundu n'kosiyana ndi kuyankhula ndi mwana wa zaka 14 amene anzake amuzungulira ndi mafoni, akudikira kuti aone ngati agonje.

Sindikuwaikira kumbuyo anawa. Amene amati "ndi ana basi, alekeni" sanaone dzanja la mayi aja. Pa masitepe oyenda okha munthu akagwa kumunsi, masitepewo amapitiriza kubweretsa ena pamwamba pake, mpaka wina adine batani lofiira limene limakhala kumunsi ndi kumtunda, lomwe ambiri sitidziwa n'komwe kuti lilipo. Tsiku lija mwana wa nsapato imodzi uja akanatha kupondedwa mpaka kufa. Koma sindigwirizananso ndi anzanga a kukhitchini amene amati onsewo akungofunika chikoti ndi ndende. Lamulo la kuno loweruzira ana, la 2008, limati wosakwana zaka 18 akamangidwa, makolo ake adziwitsidwe, aonedwe ndi wa zachisamaliro cha anthu, ndipo ngati n'kotheka apatsidwe njira yokonzera cholakwa chake osalowa m'ndende. Kale ndinkati kumeneko n'kulekerera. Nditaona wanga atagwada kukhoma kuja, ndinathokoza kuti lamulolo lilipo.

Mu Januwale akuluakulu a mall yathu anakhazikitsa zoti Loweruka masana wosakwana zaka 18 asalowe popanda wamkulu. M'kati munabwerera bata, mayi a ku Mangochi aja akupumako, ndipo inenso ndimagwira ntchito osatembenukatembenuka. Ubwino wake sindingaukane. Koma ana aja sanathe ayi, anangosamuka. Amakhala tsidya la msewu, parenki ya matakisi, pamene palibe kamera kapena mlonda. Ndipo ndimaona amene amabwezedwa pageti. Mwana wotsika m'galimoto ya bambo ake amalowa nawo limodzi, bambowo n'kutulukira khomo lina. Wobwezedwa ndi amene mayi ake ali kuntchito Loweruka, mwina m'kati mwa mall momwemo, akukolopa.

## Zimene tayesako

Ku Ntcheu sanapite. Mlongo wanga anavomera movutikira.

Kutchalitchi kwathu ndinaimirira pa msonkhano wa abambo n'kufotokoza nkhani yonse, osabisa kuti anali wanga. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse abambo awiri azitenga anyamata kukasewera mpira. Analembetsa anthu 14, amene amabweradi ndi anayi. Enawo sindiwanena, ambiri Loweruka ndi tsiku lawo la maganyu. Ine ndinapempha kusinthana shifiti kuti ndizipuma Loweruka limodzi pa mwezi, ngakhale m'thumba zikundiwawa, chifukwa ndi tsiku la ovataimu.

Ndi bambo a ku Giyani tinapatsana manambala. Akagwira mwana wa Chimalawi amandiimbira, ine n'kufunsa pagulu lathu la WhatsApp mpaka kholo lipezeke. Zachitika kawiri. Mnyamata wanga ndinamuuza zimene ndikanayenera kumuuza kalekale: anthu akayamba kuthawa usathamangire kumasitepe, lowa mu shopu yapafupi kapena tsamira khoma, foni ikhale m'thumba, ndipo ukaitulutsa ikhale yoimbira apolisi pa 10111 kapena nambala ya zadzidzidzi ya 112. Ukaona wina wagwa, ima pambali pake ukuwe kuti anthu amulambalale.

Ndinamuuzanso kuti anditchulire maina a anzake. Ndikudziwa asanu ndi mmodzi tsopano, ena Azulu, wina wa ku Congo, wina wa ku Zimbabwe. Ndikawapeza parenki ndimawaitana mmodzimmodzi n'kufunsa za sukulu ndi za amayi awo. Mnyamata akamva dzina lake likutuluka pakamwa pa munthu wamkulu, dzanja limapita lokha kukakweza chipewa chija kufika pamphumi. Si onse. Wina anandiyankha kuti si ine bambo ake, n'kunditchula dzina lija amatitchula obwerafe, anzake n'kuseka. Zinandiwawa tsiku lonse. Sabata yotsatira ndinamupatsanso moni, sanayankhe, koma sanatukwanenso.

## Tsiku la penshoni

Mayi a duku lobiriwira ndinawaonanso kumayambiriro kwa Febuluwale, tsiku limene okalamba amalandira ndalama zawo za penshoni kuchokera ku SASSA, bungwe la boma. Dzanja linali mu pulasitala mpaka m'chigongono. Anafika pamasitepe paja, anaima, anayang'ana, n'kutembenuka kuyenda mtunda wonse kukafuna lifiti kumapeto kwa mall. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anakhota. Pachitofu sindikanatha kuchokapo, ndipo ngakhale ndikanachoka, pakamwa panga panalibe mawu oyambira.

Usiku ndinamuuza mnyamata wanga. Anakhala chete, kenako anati akufuna akawapepese yekha. Ndinamuuza kuti si iye anawagunda. Anati akudziwa, koma anaseka.

Ndinakapempha kwa bambo a ku Giyani, popeza chiletso chija chinali chisanathe. Analola kuti tsiku la penshoni lokha azibwera atavala yunifomu ya sukulu, azikhala pabenchi ya pafupi ndi lifiti osasuntha. Mawu okanena tinakonzera limodzi, m'Chizulu, ndipo iye anaumirira kuti tiwonjezerepo zoti adzawanyamulira katundu mpaka kutakisi.

Mu Malichi anakhala pabenchipo kuyambira 3 koloko, ataweruka kusukulu, mpaka mashopu kutseka. Mayiwo sanaoneke, mwina anabwera m'mawa iye ali m'kalasi. Mu Epulo sukulu zinali pa holide, ndiye tinakwera takisi limodzi m'mamawa, iye atanyamula buku la masamu ndi botolo la madzi. Ndili pachitofu ndinkamuona chapatali, lifiti ikatseguka iye n'kudzutsa mutu, kuyang'ana maduku. Tsiku lonse mayiwo sanabwerenso.

Pobwerera m'takisi ndinamufunsa ngati tingaifufute vidiyo ija. Anati ayi, adzaifufuta akadzawapeza.